Nsanamira Zitatu za Kum'mawa

Nsanamira za Dorika zinali zoonda, ndipo anthu a ku Nsaru sankabisa kuseka. Munthu wozolowera chipilala cha njerwa chonenepa ngati mimba ya wogula fodya, ukamuonetsa kansanamira ka konkire koti manja awiri akukumana pokazungulira, n'kumuuza kuti kasenza denga, amakuyang'ana ngati mutu wakuzungulira. Dorika sankakangana nawo. Iye ankadziwa chimene chinali m'kati.

Pamalo ake a ntchito, kuseri kwa chigayo, panali bedi lalitali la simenti. Ankayala mawaya olimba achitsulo kuchokera kumapeto kuno kufika uko, n'kuwakoka ndi jeke mpaka singano ya pa geji ifike pamene iye anawerengera papepala. Mawaya ali chikokere choncho, ankathira konkire m'zikombole, n'kumaithirira madzi masiku angapo. Ikalimba, ankamasula mawayawo. Pofuna kubwerera mmene analili, mawaya ankafinya konkire yonse monga mmene mphira umafinyira mtolo wa nkhuni pa kaliyala wa njinga. Mphamvu ya nsanamira inali m'kufinyikako, osati m'kunenepa. Ntchitoyi anaiphunzira kusukulu ya zomangamanga, n'kuigwira zaka zisanu pa kampani ina mumzinda asanabwerere kuno kudzayamba yake.

Mpingo wa kwawo, kuseri kwa Kabudula, utafuna kumanga holo yopanda zipupa yochitiramo misonkhano, munthu amene anaimirira m'komiti n'kunena kuti nsanamira zichokere kwa Dorika anali a Levison, atsibweni ake, mlongo wa mayi ake. A Levison anali mkulu wa mpingo, wapampando wa komiti ya zomanga, komanso wowotcherera zitsulo amene mageti ndi ngolo zake zinali mbwee dera lonselo. Akulu ena atayamba kung'ung'udza za timitengo ta simenti, iwo anamenya tebulo.

"Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndine kugwira tepi yoyezera ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nsanamira ikadzagwa mudzafunse ine."

Nkhani inathera pomwepo. Nsanamira khumi ndi zinayi zinabwera, zinaimikidwa, ndipo pamwamba pa iliyonse Dorika anali ataikiratu kambale kachitsulo kowotchererapo zitsulo za denga. Mpingo unagwirizana kuti Loweruka aliyense abwere kudzakweza dengalo.

Lachitatu m'mawa Dorika anakwera njinga yake yamoto kukayeza komaliza. Anayamba mbali ya kumadzulo, levulo m'manja, akuimba pansipansi, chifukwa zonse zinali zitaima njo. Atafika kum'mawa nyimbo inathera pakhosi. Nsanamira zitatu zinali ndi mabala. Wina anazigogoda ndi tchizulo chapakatikati mpaka waya kuonekera, n'kuwotchererapo chitsulo chotulukira kunja. Waya anali bii ndi moto.

A Kenneth, mphunzitsi amene anali mlembi wa komiti, anabwera akumwetulira, fumbi la choko likadali m'zala.

"Mwaona, mayi? Komiti inaganiza zowonjezera kakhonde kuno, kuti ana a Sande sukulu azikhala pamthunzi. Atsibweni anu agwira dzulo tsiku lonse, ulere. Munthu wodzipereka uja!"

Dorika anangoti, "Ndaona, aphunzitsi."

Mkwiyo unamufika m'mutu, koma sunakhalitse, chifukwa ankadziwa chimene chinachitika. Amisiri onse a kuno amatero: ukafuna kumata chitsulo pa konkire, gogoda mpaka upeze chitsulo cham'kati, wotcherera. Pa chipilala wamba zimatheka, ndipo palibe amene anafapo. Koma waya wokoka sagwirizana ndi moto. Akatentha amafooka, amaduka kapena kulekerera, ndipo nsanamira imatsala yoonda chabe, yopanda chinsinsi chake chija. Tsono iye mwini, amene anawauza malo onyamulira ndi kuya kwa maenje, anaiwala kunena mawu amodzi okhawo: musagogode. Apa anadzidzudzula yekha. Koma kaya wolakwa ndani, denga silikanakwera pa nsanamira zitatuzo, pansi pake pakhale ana.

Vuto linali lakuti komiti sikanamva Dorika. Ikanamva a Levison. Ndipo kukawadumpha n'kupita kwa abusa kukanakhala kuwavula pagulu atsibweni ake, munthu amene anamuimira pamene ena ankamuseka. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Dorika ankafuna nsanamirazo zizulidwe, ndipo ankafunanso kuti Lamlungu azidzatha kupatsana moni ndi atsibweni ake.

Anawapeza pa shopu yawo pa Kabudula akumaliza kuwotcherera chimango cha ngolo. Anadikira mpaka mwini ngoloyo atachoka, kenako anakhala pa njerwa, pansi kuposa iwo.

"Atsibweni, ndachokera ku tchalitchi."

"Wakaona khonde? Ndakuchepetsera ntchito, eti?"

"Ndaona. Koma nsanamira zitatu zija zafa. Ziyenera kuzulidwa."

A Levison anakweza chigoba cha kumaso, n'kumuyang'ana.

"Zafa? Zaima zija?"

"Zaima chifukwa sizinasenze kanthu. Waya munawotcha uja si chitsulo wamba. Ndi wokoka. Moto wamupha. Ndinalakwa ine kusakuuzani."

"Iwe Dorika, chitsulo ndi chitsulo. Ine ndinayamba kuwotcherera mayi ako asanakwatiwe. Ndawotcherera pa zipilala za sukulu, za magolosale, za zigayo. Ndi chiti chinagwa?"

"Palibe, atsibweni."

"Nanga? Ufuna Loweruka ndiime pamaso pa mpingo ndinene kuti Levison waononga katundu wa Mulungu? Ine amene ndinakutchinjiriza? Denga likwera Loweruka. Ndatha."

Anatsitsa chigoba chija. Munthu wina akanayamba kutchula mabuku ndi manambala, koma Dorika ankawadziwa atsibweni ake: papepala sungawagonjetse, pakamwa ndiye usayese n'komwe. Iwo ankakhulupirira chimene dzanja lawo lagwira. Anadikira mpaka moto utazima.

"Sindikutsutsani. Ndikupempha chinthu chimodzi. Mawa mubwere ku Nsaru ndi makina anuwa. Ndikakoka waya mmodzi, inu mudzamuwotchere monga munachitira ku tchalitchi. Basi."

"Ukufuna kundiyesa?"

"Ndikufuna muone ntchito ya mwana wanu. Chiyambire simunafikeko tsiku lokoka."

A Levison anapukusa mutu n'kuseka pang'ono. "Chabwino. Ndikakuwotcherera msoko woti ukajambule."

Pobwerera Dorika sanali ndi mantha ndi wayayo. Waya ankamudziwa, sakanamuchititsa manyazi. Chimene chinkamulemera mumtima chinali chakuti atsibweniwo akadzaona n'kukanabe, Lachisanu adzayenera kupita kwa abusa, ndipo ubale wawo sudzakhalanso chimodzimodzi.

Lachinayi m'mawa iye ndi Sabina, mayi amene ankagwira naye ntchito kuyambira pachiyambi, anayala waya mmodzi m'mphepete mwa bedi, pamalo opanda chikombole. Pakati pa bedi panali nsanamira zatsopano zofunditsidwa masaka onyowa, zodikira kumasulidwa. Anakoka wayayo mpaka singano inafika pamalo ake. Anamutsamiritsa ndi matumba a mchenga uku ndi uku, kumapeto n'kuimika matabwa okhuthala, ndipo pakati anasiya kampata kongokwana dzanja, kuseri kwa chitseko chakale.

A Levison anafika makina ali kumbuyo kwa njinga yamoto, atavala ovolosi yochapa bwino. Anayang'ana matumba ndi matabwa aja n'kuseka.

"Kodi tikupha njoka? Zonsezi chifukwa cha kawaya kochepa ngati pensulo?"

"Mugwade kuseri kwa chitsekocho, atsibweni. Mutulutse dzanja lokha."

"Ine ndigwadire waya?"

"Pano ndi pantchito panga. Wosagwada sawotcha."

A Levison anazungulira kuseri kwa chitseko chija. Kenako anagwada, mawondo akulira. Sabina analumikiza magetsi n'kuthawira kuseri kwa mulu wa miyala, chifukwa iye moyo ankaukonda. A Levison anatsitsa chigoba, n'kufikitsa ndodo yowotcherera pa waya. Moto unangoti ng'ani kamodzi, kawiri.

Phaa!

Nkhuku zinabalalika. Amayi a pachigayo anatuluka ufa uli m'nsidze, akufunsa amene waombera mfuti. Thumba limodzi la mchenga linali litang'ambika pamimba, mchenga ukukhuthuka, ndipo nsonga ya waya inali italowa m'thabwa la kumapeto, yoti kuizula mpaka pulayala.

A Levison anavula chigoba pang'onopang'ono. Anaimirira, napita kukagwira nsonga ija. Anaigwedeza, koma sinasunthe. Anabwerera kudzaona pamene anawotcha, n'kupeza mpata woti munthu n'kudutsapo, pamene kanthawi kapitako panali waya.

"Mphamvu yonseyi inali m'kawaya kameneka?"

"M'nsanamira iliyonse muli anayi otere," anatero Dorika. "Ndiwo asenza denga, osati simenti yokha."

"Nanga ku tchalitchi bwanji sanandikwapule?"

"Konkire inamugwira mbali zonse ziwiri. Sakanathawa. Koma pamene munagogoda paja, kufinya kunatha."

A Levison anakhala pa thumba la mchenga. Dorika anawasiya, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabina anabalalitsa amayi a pachigayo aja kuti munthu wamkulu asaonereredwe.

"Ndinamva," anatero a Levison potsiriza, maso ali pansi.

"Atsibweni?"

"Pa nsanamira yachiwiri. Inalira m'kati, kuti thi! Ndinaimva m'dzanja. Ndinati ndi mwala wasweka ndi kutentha." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ayi, ndisaname. Ndinadziwa kuti si mwala. Zaka zonsezi mwala sunandilirirepo choncho. Koma ndinapitiriza, n'kuwotcha yachitatu, chifukwa a Kenneth anali ataima pomwepo akundiyamikira."

Dorika anamva chisoni chimene sanachiyembekezere. Anabwera atakonzeka kupambana, koma kuona atsibweni ake, munthu wa mawu ngati bingu, atakhala pa thumba long'ambika, sikunamukomere. Anagwada pambali pawo.

"Nsanamira zofunditsidwa masakazi ndi za chigafa cha munthu wina, koma fodya wake akadali ku nazale, adikira. Msinkhu ndi womwewo. Mawa ndimasula, titenga zitatu. Za khonde ndiumba zake zazifupi. Ndipo ku mpingo ndikanena kuti ndasintha chifukwa sindinapereke malangizo okwanira. Si bodza."

"Si bodza, koma ndi theka," anatero a Levison. Anaimirira n'kusasa mchenga pa ovolosi. "Mawa ndibwera ndi ngolo. Ndikufuna ndione mmene umamasulira."

Loweruka dzuwa lisanatenthe, bwalo la tchalitchi linali litadzaza. Amuna anabwera ndi zingwe ndi makwerero, amayi a Chigwirizano ndi ndowa za thobwa, ndipo zitsulo za denga zinali zitandandalikidwa pansi, zopakidwa penti wofiira. Anthu anadabwa kuona nsanamira zitatu zatsopano zitagona pa udzu mbali ya kum'mawa. Atatha kupemphera, a Kenneth anaitana wapampando kuti agawe ntchito. Dorika anasuntha kuti ayambe iye kulankhula, koma a Levison anamutchinga ndi dzanja.

"Abale ndi alongo, denga lero silikwera. Ikani zingwe pansi."

Panamveka kung'ung'udza. Mkulu wina, mmodzi wa amene ankaseka poyamba aja, anakweza mawu: "Tinanena ife! Timitengo ta simenti timeneti!"

"Ayi, akulu, khalani chete," anatero a Levison, mawu awo akale atabwerera. "Nsanamira zilibe mlandu. Dzana ndinaona ndi maso anga chimene chili m'kati mwake, ndipo pano palibe chipilala cha njerwa chingafanane nazo. Wolakwa ndine. Safunsa anadya phula. Ndinagogoda posayenera kugogoda, ndinawotcha posayenera kuwotcha, ndinamva nsanamira ikulira m'kati, ndipo ndinakhala chete. Mukanakweza dengali lero, ana anu ndi adzukulu anga akanakhala pansi pa manyazi anga. Amene anakana ndi mwana uyu. Ine ndinamukalipira."

Dorika anayang'ana pansi. Sanaonepo mkulu wa mpingo akudzivula yekha chotero, popanda womukakamiza, ndipo sanawanyadirepo atsibweni ake monga anawanyadira pamenepo.

A Levison anatola piki yomwe inali pafupi, napita pa nsanamira yachiwiri ija. Amuna ena anathamanga kuti awalande, poti munthu wa imvi sakumba achinyamata alipo. Iwo anakana.

"Zinazo zulani inu, mmene Dorika akuuzireni. Iyi ndi yanga."

Analavulira m'manja, nakweza piki, n'kumenya pansi pa ntchito ya manja awo.