Masamba a Chammwamba a NyaKayira

Loweruka pa 9 Seputembala 1978, Keziya NyaKayira wa ku Lupembe anandiuza nkhani iyi tikusenda chinangwa pakhonde pake. Ndailemba monga anainenera:

Ine ndimapatsa amayi amene angochira kumene madzi a masamba a chammwamba kuti thupi libwerere. Agogo anga ankatero, amama ankatero. Koma anamwino atsopano a pachipatala chathu, a Chrissie, anati zisapitirire mpaka odziwa atayeza. Ndinavomera. Ndikanatani?

Lolemba kunabwera a Julius, bambo wa ku Zomba woyeza zitsamba, atanyamula kalata ya ku boma ndi ina ya atcheyamani a chipani. Anali munthu waulemu ndithu.

"Amayi," anatero, "khasu likakhala panja limachita dzimbiri. Thupi nalonso limatero mkatimu. Masamba ena amachedwetsa zimenezo. Ndikufuna ndione ngati anuwa ali m'gulu lomwelo."

"Muona bwanji, adada?"

"Poyamba ndi nthochi: yosenda imada, koma masamba amphamvu amachedwetsa kudako. Zenizeni ndikayeza ku Zomba."

Masamba anathyola okha masana, dzuwa lili paliwombo. Anawayala pamwamba pa Landirova yawo kuti aume msanga. Ine ndinangoyang'ana. Mlendo wa boma sumuphunzitsa ntchito pa tsiku loyamba.

Mawa lake anawawiritsa mpaka madzi anada ngati tiyi. Anasenda nthochi ziwiri zaziwisi, zomwe timaphikira mbalaga, chakudya chathu cha nthochi ndi nyama. Ina anaiviika m'madzi awo aja, ina m'madzi a pachitsime, n'kuziika pambale. Isanakwane nthawi yoweruka ana asukulu, zonse ziwiri zinali zitada mofanana.

A Julius anatsegula buku. A Chrissie anandiyang'ana.

"Mayi NyaKayira, mwadzionera nokha. Akalemba, basi musiye."

Pamenepo m'pamene ndinayankhula.

"Adada, amene mwayezawo si mankhwala anga. Ndi anu."

"Mtengo si womwewo?"

"Mtengo ndi womwewo. Koma inu mwaukazinga pagalimoto ngati usipa, kenako mwauphika ngati nyemba. Ife timathyola m'mawa mame asanaume, timayanika m'nyumba pamphasa masiku atatu, dzuwa osawaona. Madzi ake ofunda chabe, oti chala n'kupiriramo."

Anaseka, cholembera chili m'kamwa.

"Nanga dzulo munangondisiya bwanji?"

"Munali ndi makalata awiri. Ine ndilibe ngakhale imodzi."

Ndinawauza kuti ndili nawo ena ouma kale m'dengu. Anakana. Anati lamulo la ntchito yawo ndi loti awone okha kuyambira pamtengo. Dalaivala wawo anadandaula kuti Karonga n'kotentha, udzudzu wamutha. A Julius anatseka buku lija.

"Tigona kwa aphunzitsi mpaka Loweruka."

Lachitatu kusanatenthe tinathyola limodzi. Iwo anali ndi nsapato zakuofesi, zinanyowa zonse. Tsiku lililonse ankabwera kudzasuzumira mphasa, ngati ndiwabera.

"Mukuwerenga masamba, adada?"

"Ndikuphunzira, amama." Anali atayamba kale kunditchula mwakwathu.

Lero m'mawa tinayezanso, nthochi zitatu tsopano: ya madzi a pachitsime, ya madzi awo owiritsa, ndi ya anga. A Chrissie anakhala pampando ndi wotchi. Ziwiri zija zinada monga kale. Yanga inangodera m'mbali, pakati inakhalabe yoyera mpaka belu la kwaya litalira kutchalitchi.

"Nthochi si munthu," anatero a Julius. "Sindinganene kuti mankhwalawa amachiza. Koma sindingalembenso kuti alibe kanthu." Analemba mmene timayanikira, mawu anga enieni, n'kundiwerengera. Masamba otsala anawakulunga m'nyuzipepala kupita nawo ku Zomba.

A Chrissie anaimirira n'kukonza kachipewa kawo ka unamwino.

"Pitirizani mpaka yankho libwere. Koma mayi aliyense ayambe wafika kusikelo, ndimuone."

"Yewo," ndinatero. Zimenezo sizinandivute.

Galimoto itangonyamuka ndinatenga nthochi zitatu zija n'kuponyera nkhumba. Kenako ndinafunditsa madzi, n'kutapa masamba a m'dengu muja, ndinapita nawo kwa Yunike, mkazi wa mlongo wanga, amene anachira mwana wamkazi Lamulungu lapitali ndipo sabata yonseyi amandidikira.