Tsiku Limene Cathy Anagwada ku Romford

Mlandu wake unali kugwada. Kugwada basi, kumene mwana woleredwa bwino amachita osauzidwa.

A Chisenga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Romford, tauni ina ya kwa azungu kutsidya kwa nyanja. Sukulu zitatsekera, analembetsa mwana wawo Cathy, wa zaka khumi, ku maphunziro a zisudzo ndi magule a masabata atatu mu holo ina pafupi ndi msika. Papepala panalembedwa kuti kubwera akatswiri ochokera ku mabwalo akuluakulu a zisudzo, Crispin wa zisudzo ndi Killian wa zovina. Mwana anakondwa mpaka kumavinira m'bafa. Bambo nawo anati bola, kusiyana n'kukhalira foni tsiku lonse.

Lachitatu la sabata yachiwiri anapita kukamutenga atangoweruka shifiti, dzuwa likuswa mtengo, kukhosi kuli gwaa. Anakhala pabenchi pakhomo. Cathy atawaona anathamanga, anagwada, n'kuwapatsa botolo lake la madzi ndi manja awiri. Crispin anali pawindo, ndipo anaona.

Lachisanu a Chisenga anawaitanira m'kaofesi kakuseri kwa siteji. Anapeza akatswiri awiri aja atakhala ndi mayi woyang'anira maphunzirowo, patebulo pali fomu yolembedwa kale theka. Mayiyo sanazungulire. Anati ngati nkhawa zomwe ali nazo pa Cathy sizitha lero, fomuyo ipita kwa akuluakulu oona za ana.

Mafomu otere a Chisenga amawadziwa bwino, kuntchito kwawo amalembera okalamba amene akuzunzidwa. Fomu ikangopita sibwerera. Kumabwera anthu kunyumba, amafunsa mwana payekha, ndipo ana ena tsiku lomwelo sagona kwawo.

Crispin anayamba, m'Chingerezi chofewa chija cha pasiteji.

"Ntchito yanga ndi kuwerenga thupi la munthu, zaka makumi awiri tsopano. Thupi silinama. Cathy sandiyang'ana m'maso. Ndikamupatsa pepala amalandira ndi manja awiri, mutu uli pansi. Kenako ndinamuona atakugwadirani. Mwana wotere amakhala kuti pali amene akumuopa."

Killian anawonjezera kuti nyimbo ikamalira mwanayo amavina momasuka kuposa anzake onse, koma ikangotha amadzipinda ngati walakwa.

Taonani anthu ake. Amuona mwana masabata awiri osakwana, ndiye akuti amudziwa kuposa bambo amene anaphunzira kumuluka tsitsi chifukwa mayi ake amakhala kuntchito kuchipatala Loweruka lililonse. Akatha masabata atatu anyamula zikwama zawo, dzina la Cathy aiwala asanafike pasiteshoni. Ndipo a Chisenga omwewa amagwada tsiku ndi tsiku kuveka masokosi makolo a anthu ngati amenewa, koma palibe anatulutsapo fomu kufunsa kuti akuopa yani. Zinawapweteka, ndipo anakwiya zedi.

"Kwathu umenewu ndi ulemu," anatero. "Mwana satong'olera maso munthu wamkulu. Akukulemekezani inuyo, ndiye mukumulembera lipoti?"

"Ife timalemekeza zikhalidwe zonse," anayankha Crispin akugwedeza mutu, nkhope ili yachisoni ngati ali pamaliro.

Apo n'kuti mayi uja akulemba. A Chisenga anazindikira kuti mawu awo atangokwera pang'ono, cholembera chinayenda. Anatsitsa mawu n'kuyang'ana pansi kuti mtima ukhazikike, cholembera chinayendanso. Ukakweza mawu ndiwe wankhanza, ukafatsa ukubisa kanthu. Munthu utani?

"Timumve mwiniwake," anatero mayiyo, n'kutsegula chitseko.

Cathy analowa ali m'malaya ake ovinira. Anaima pafupi ndi chitseko, manja atawagwira kutsogolo, maso ali pansapato, monga anaphunzitsidwira kuima pamaso pa akuluakulu anayi.

"Cathy, kunyumba umakhala momasuka?" anafunsa Crispin.

"Yes," anayankha mwana, kamawu kosamveka bwino.

Crispin anatembenukira kwa mayi uja ndi diso lija loti mwaonatu. Mayiyo anakokera fomu pafupi.

A Chisenga anaona kuti mwana akupita, awalanda. Analankhula m'Chichewa, chimene Cathy amamva ngakhale amayankha m'Chingerezi.

"Cathy, dzutsa mutu. Uwayang'ane m'maso."

"Dad?"

"Uwayang'ane ngati anzako a m'kalasi. Manja uike m'chiuno. Ulankhule mokweza, usaphethire."

Mawu amenewo anawawa mkamwa. Zaka khumi akumuumba mwana, iwo ndi mayi ake, m'dziko limene ana amaitana agogo ndi dzina, lero akugumula okha ndi pakamwa pawo. Ndipo mwanayo anamvera, poti ndi mwana womvera. Anadzutsa mutu, anaika manja m'chiuno, anam'tong'olera Crispin maso. Ananena mokweza kuti kunyumba kulibe vuto, bambo ake sanam'menyepo, ndipo iye saopa munthu. Sanaphethire.

Crispin anawomba m'manja.

"Ndi zimenezotu. Ndimadziwa kuti mphamvu zilimo mwa iwe. Mwaona, bambo, zimene zisudzo zimachita m'masabata awiri okha?"

Iwe, munthu wopanda manyazi. A Chisenga anatero chamumtima, koma pakamwa anati zikomo. Mayi uja anadula mzere pafomu n'kunena kuti nkhani yathera pomwepo. Killian anakumbutsa kuti Lolemba mwana asaiwale nsapato zakuda.

Anatuluka. Anadutsa pamsika ogulitsa akupakira matebulo awo. Atafika podikirira basi, Cathy anayesa Chichewa chake chothyokathyoka.

"Adadi, ndiye ndimalakwitsa nthawi yonse ija?"

"Ayi, mwanawe. Sunalakwitse chilichonse."

"Nanga bwanji munachita nane manyazi?"

A Chisenga anafuna kumuuza kuti sanali manyazi, anali mantha, kuti akanalola kugumula chilichonse bola iye agone kunyumba. Mwana wawo ankadikira yankho ataima njii, akuwayang'ana m'maso.