Nandolo Wacha, Dikisoni

"Kalabu unkanena ija ndi imeneyi?" anafunsa Mayi Doris, injini ya galimoto asanazimitse n'komwe.

Tinali titaima kuseri kwa msika wa Migowi, pakati pa chigayo ndi mulu wa matumba a nandolo. Kutsogolo kwathu kunali mpanda wa bango, chitseko cha lata limodzi, ndi njinga zakapalasa zosawerengeka zitatsamirana ngati zikunong'onezana. Linali Lamulungu, 3 koloko masana, dzuwa la Seputembala likuswa mtengo.

"Ndi pomwepa, madamu," ndinayankha.

"Maola awiri pamsewu, Dickson, kudzaona khola la mbuzi?"

Mayi Doris anali abwana anga. Anali ndi kalabu ku Limbe, komwe ndinali nditagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinayamba ndi kuperekera zakumwa, koma khutu langa ndi limene linandikweza. Mabandi onse a mu Blantyre ndinkawadziwa: ya ng'oma zolimba, ya woimba amene mawu amamuthera nyimbo yachisanu isanakwane, imene imafika mochedwa koma ikayamba anthu osafunanso kupita kwawo. Makasitomala ankandikoka malaya n'kumati, "Dickson, sabata ino kukuwira kuti?" Ine n'kuwauza kuti wofuna rege apite ku Ndirande Loweruka, wofuna zofatsa adikire Lamulungu masana ku Namiwawa. Sindinkaphonya. Abwana ataona zimenezi anandipatsa udindo wosankha oimba a Lachisanu lililonse.

Koma chaka chimenecho Lachisanu lathu linayamba kuzizira. Bandi iliyonse inkabwera ndi nyimbo zomwezomwezo za pa wailesi, ndipo anthu anatopa nazo. Tsiku lina Mayi Doris anaima pakati pa mipando yopanda anthu n'kunena kuti mwezi ukatha zinthu zisanasinthe, agumula siteji aikepo kanema wamkulu wa mpira. Sanachite kunena kuti ntchito yanga ithera pomwepo. Ndinadzimvera ndekha.

"Ku Phalombe kuli bandi ina," mawu anandipulumuka. "Mu Blantyre muno mulibe yofanana nayo."

"Waidziwa bwanji, iwe wa ku Zomba?"

"Anandiuza mnzanga."

Onsewo anali mabodza. Ine si wa ku Zomba. Ndinabadwira m'tsinde mwa phiri la Michesi, ndipo Chilomwe ndiye chilankhulo chimene ndinayamwa. Nditangofika m'tauni, anzanga a pantchito ina ankandiseka kalankhulidwe, n'kumanditcha "wa kalongonda", nyemba za kwathu zija. Ndinaongola lilime, ndipo pofika kwa Mayi Doris ndinali nditasintha ndi kwathu komwe. Mnzanga wondiuza za bandiyo kunalibe. Woimba wake anali achemwali anga enieni, a Fainess, amene mkati mwa sabata ankagulitsa nandolo pamsika pomwepo.

Tinalowa. Mkati munali anthu ochuluka kuposa mmene mpanda unkaonetsera: mavenda, akabaza, aphunzitsi awiri atatu, amayi a mipango yawo atakhala pa mabenchi a matabwa. Oimba anali pansi pa chisakasa. Achemwali anaima pakati, maikolofoni ili kumanja. Amuna awo, alamu anga a Goodman, anakhala pa babatoni, chibesi cha chingwe chimodzi chija, cha bokosi lokuta ndi chikopa cha ng'ombe ndi mtengo wautali kuposa munthu. Pambali panali wa gitala ya chigubu cha mafuta ndi wa ng'oma ziwiri. Sipika inali imodzi, yolumikiza ku batire ya galimoto.

Achemwali anandiona, n'kundidutsa ndi maso ngati mlendo wamba.

Anayamba kuimba, ndipo mtima wanga unagwa. Inali nyimbo ya pa wailesi yomwe tinali titaimva kambirimbiri ku Limbe. Yachiwiri chimodzimodzi. Sankalakwitsa, koma munalibe moyo. A Goodman ankamenya chingwe akuyang'ana kumwamba ngati munthu wodikira minibasi. Pa mabenchi anthu ankayang'anizana, ndipo bambo wina anafunsa mokweza ngati lero kwabwera a boma.

Nyimbo yachitatu itatha, Mayi Doris anatulutsa makiyi m'chikwama.

"Izi ndili nazo kale, Dickson, ndiponso za magitala enieni. Ndikamaliza fanta yangayi, tizipita."

Ndinapempha mphindi zisanu. Oimba anali atapumira kuseri kwa chisakasa, achemwali akumwa madzi m'kapu ya pulasitiki.

"Achemwali, chavuta n'chiyani? Mukuimba ngati mwachita kukakamizidwa."

"Takakamizidwa kumene," anatero osandiyang'ana. "Si ndiwe unaimba foni kuti tiimbe za pa wailesi, abwana ako asadabwe? Unatinso ndisakupatse moni wa pachibale. Zonse ziwiri ndachita. Chatsala n'chiyani?"

Ndinacheukira alamu. A Goodman ankapukuta chingwe cha babatoni ndi kansanza, akuchita ngati sakumva.

"Abwana akupita," ndinatero. "Akapita, ntchito yanga yatha."

"Ndiye ukufuna chiyani, Diki?"

"Imbani zanu."

"Zathu n'za Chilomwe. Abwana ako akafunsa kuti tikuti chiyani, awayankhe ndani? Paja iwe ndiwe wa ku Zomba."

Alamu anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Kenaka anaimirira n'kunena mofatsa kuti, "Mayi a Rejoice, musiyeni mlamu wanga, wapsa mokwanira. Tiyeni."

Nditabwerera pa benchi, botolo la abwana linali litatsala pang'ono. Ndiye babatoni inalira. Sikunali kulira kwa poyamba kuja. Kunali kugunda kwakuya kochokera pansi, kolowera ku mapazi n'kukwera mpaka pachifuwa. Ng'oma zinalowa cham'mbali ndi kamvekedwe ka tchopa, gitala ya chigubu ikuthamanga pamwamba pake. Achemwali anatsitsa maikolofoni mpaka pamimba, chifukwa mawu awo sankaifuna, n'kuyamba.

Mabenchi anatsala okha. Fumbi linakwera.

Mayi Doris anaika makiyi pamwendo. Nyimbo yoyamba anaimvera ali duu. Yachiwiri, ndinaona chidendene chawo chikugunda pansi. Yachitatu inayamba pang'onopang'ono, ndipo ovina onse anaima, amuna n'kuvula zipewa.

"Imeneyi ikuti chiyani?" anafunsa, akuyang'ana uku ndi uku kufuna wowauza. Anakodola mphunzitsi wina amene anali pafupi, koma iye anapepesa kuti kwawo ndi ku Ntchisi.

Nyimboyo ndinali ndisanaimvepo, koma mawu ake onse ankandilowa ngati madzi pa mchenga. Inali ya namondwe wa Freddy, amene anagumula mapiri a kwathu chaka cha 2023. Amayi athu anapita ndi madzi amenewo, ndipo thupi lawo silinapezeke. Ine pa maliro opanda bokosiwo ndinakhalapo masiku atatu okha, n'kuthawira ku ntchito.

"Akuti madzi anatsika m'phiri anthu asanadzuke," ndinayamba kumasulira. "Anatenga mbuzi, anasiya chingwe. Anatenga mphika, anasiya chivundikiro. Anatenga amayi, anasiya mpango wawo pa nthambi ya mango."

Abwana anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa.

"Tsopano akutchula maina a amene anapita," ndinapitiriza.

Zimenezo sizinafunike womasulira. Dzina lililonse likatchulidwa, dzanja limodzi linkakwera pakati pa anthu, pena awiri, pena banja lonse. Maina anali ambiri. Atafika pa la amayi, achemwali anakweza dzanja lawo lamanzere, osasiya kuimba. Langa linali pa bondo, lolemera ngati mwala. Linakwera lokha.

Kenaka ng'oma zinasintha. A Goodman anawerama pa chingwe, nyimbo n'kuyamba kuthamanga, anthu amene amalira aja n'kuyambanso kuvina misozi isanaume.

"Apa akuti otsalafe tinafukula minda pansi pa miyala, tinadzalanso. Akuitana amene anapita kutali kuti abwere adzaone."

Achemwali ankatchula mmodzimmodzi: wina ali ku Joni, wina ku Nampula, wina ku Lilongwe. Aliyense ankamupatsa kachipongwe kake, anthu n'kumafa nazo. Ndiye anatembenukira kumene ndinakhala, n'kuloza ndi maikolofoni. Bwalo lonse linacheuka, kuseka kuli mbwee.

"Apo ndamvapo Limbe," anatero Mayi Doris. "Ndamvaponso Dikisoni. Usadumphe, masulira."

Ndinamasulira.

"Akuti Dikisoni ali ku Limbe, amanyamula mabotolo a eni ake, amalankhula ngati wailesi. Mukamuona mumuuze kuti nandolo wacha kwawo, ndipo mbale yake sitinaibwereketse."

Kenaka ndinamaliza zonse. "Madamu, akuimbawo ndi achemwali anga, bere limodzi. Mpango uja unali wa amayi athu. Ine si wa ku Zomba. Kwathu ndi kuno."

Mayi Doris anamwa fanta yotsala ija mosafulumira.

"Ukuganiza kuti sindinkadziwa? Kasitomala akakupsetsa mtima, mawu ako amakwera kumapeto ngati a anthu awa. Za kwanuzo n'zako, ine sindinalembe ntchito mudzi. Chimene chandinyansa n'chimodzi. Zaka zonsezi wakhala ukutumiza anthu ku Ndirande, ku Namiwawa, uku bandi iyi uli nayo m'thumba."

Dzuwa litapendeka oimba anamaliza, poti ambiri mwa anthuwo kwawo kunali kutali. Abwana sanadikire kuti ndiwaperekeze. Anapita okha pa chisakasa, nagwira dzanja la achemwali ndi manja awiri.

"Mayi, ndikukufunani ku Limbe Lachisanu likubwerali. Galimoto nditumiza."

Achemwali anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Sanaonetse kudabwa, ngati kuti anthu a ku Limbe amabwera Lamulungu lililonse.

"Tibwera, koma pali ziwiri. Za pa wailesi sitiimbanso."

"Mukaimba ngakhale imodzi, ndikubwezani."

"Chachiwiri, anthu a kumeneko Chilomwe sakumva. Pafunika wowauza nyimbo isanayambe. Akhale uyu." Anandiloza ndi chibwano. "Osati monong'ona ngati mmene amachitira ndi inu apa. Pa maikolofoni, anzake onse akumuona."

Onse awiri anandiyang'ana. A Goodman nawo anasiya kumasula mawaya a batire.

"Ndidzamasulira," ndinatero. Ndinabwerezanso m'Chilomwe, ndipo lilime silinapunthwe.

Siteji ija sinagumulidwe. Mpaka lero achemwali amaimba ku Limbe Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, ndipo wofika mochedwa amaimirira panja. Koma anthu akandifunsa za chiyambi chake, chimene chimandibwerera si m'manja mmene anatiombera tsiku loyambalo. Ndi ulendo wake.

Lachisanu limenelo ndinabwera ndi dalaivala wa abwana kudzawatenga. Ng'oma zinalowa kumbuyo, gitala pamiyendo pa mwini wake. Babatoni inakana. Tinaitembenuza uku ndi uku, osatheka, mpaka tinatsitsa galasi la kumbuyo, bokosi likhale mkati, mtengo wake utulukire pawindo. Panafunika munthu woti augwirire njira yonse. Ndinakhala pampando wa pawindopo n'kuusenza paphewa.

Dalaivala anayang'ana chimtengocho n'kupukusa mutu. "Bwanji tichikute ndi chitenje? M'tauni atiseka nacho ichi."

"Chisiyeni choncho," ndinamuyankha.

Tinadutsa pakati pa msika pang'onopang'ono, akabaza akupatuka, mavenda akuimirira pa matumba awo kuti aone bwino. Mayi wina wogulitsa tomato, mnzawo wa malemu amayi, anafuula m'Chilomwe kufunsa kuti katunduyo akupita kuti. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kumuyankha m'chilankhulo chomwecho, mokweza, kuti ndi a ku chigayo omwe amve.

Titakwera tala, dalaivala anaponda mafuta. Mphepo inagunda chingwe chija, ndipo chinayamba kulira chokha, chapansipansi, popanda wochikhudza. Achemwali anali kutsogolo, atatsinzina, milomo ikuyenda. Ine ndinagwiritsitsa mtengowo, kulira kwake kukundilowa m'fupa la phewa, Michesi akucheperachepera kumbuyo kwathu.