Tsiku la Oyendera Sukulu

Oyendera sukulu akamabwera, ngakhale mphunzitsi waulesi amagwira tsache. Madamu a kalasi yachinayi sanali aulesi ayi, koma anali ndi ana makumi asanu ndi anayi m'chipinda chimodzi, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo sankatha kuwerenga. Lamulo linkati mwana asabwereze kalasi, choncho anawo ankangokankhidwa chaka ndi chaka ngati wilibala.

M'mawa wa tsikulo ahedi anawanong'oneza kuti asachititse sukulu manyazi. Madamu sanafunse zambiri. Anatenga asanu ndi awiri aja n'kukawasiya m'chipinda chosungiramo makasu ndi madesiki othyoka, n'kuwauza kuti asanje mabuku akale. Mmodzi mwa iwo, mwana wa telala, kamtsikana kokonda kukhala kutsogolo, kanadumpha ndi chimwemwe poganiza kuti kasankhidwa.

Oyenderawo anali bambo wofatsa wa nsapato zafumbi. Analoza ana khumi, onse anawerenga osaphonya. Anafunsa kawiri ngati panalibe amene zikumuvuta. Madamu anati palibe, nkhope ili gwa.

Apo bambowo anatseka faelo yawo n'kufotokoza chomwe anabwerera. Unduna unali utatumiza aphunzitsi apadera othandiza ana otsalira pa kuwerenga, mmodzi pa masukulu khumi alionse, ndipo bambowo ankafufuza sukulu yomwe ikufunika mphunzitsi wotere kwambiri.

"Poti kuno zonse zili bwino chonchi, ndimupititsa kwina. Mukugwira ntchito yotamandika, mayi."

Chipinda cha makasu chinali pafupi, masitepe makumi awiri okha, ndipo mawu amodzi akanakwanira. Koma ahedi anali pakhomo mano onse pamtunda, ndipo kuulula kukanakhala kudzitcha wabodza pamaso pa ana. Madamu anangothokoza, n'kuperekeza alendowo mpaka pagalimoto.

Kenako analunjika kuchipinda cha makasu chija. Ankadziwa kuti si lamulo kapena ahedi amene anawalanda anawo mphunzitsi. Anali iwo eni, ndi pakamwa pawo.

Atatsegula chitseko anapeza ana atatuwa ndi fumbi, mabuku atasanjidwa bwinobwino: ofiira paokha, obiriwira paokha, ambiri chadodolido. Mwana wa telala anathamangira kutsogolo, akupukuta manja padiresi.

"Madamu, tasanja potengera mtundu, poti mayina ake sitikuwadziwa. Alendo aja abwera kudzaona?"

"Apita kale, mwanangu," anatero madamu.