Malungo a malume Lyton

"Ine malungo ndadwala zaka fifite-thuu! Iwe mwana wadzulodzulo ungandiuze chiyani za thupi langa?"

Amenewo ndi malume Lyton, achimwene awo a mayi, akundikalipira pakhomo la chipinda cha sisi Veronica. Ine ndaima pamenepo ngati security wa pa shopu, mkono uku mkono uku. M'katimo muli Vero ndi khanda lake la masabata atatu. Lero nde tsiku la dzina, ndipo kwathu dzina amapereka malume, mwana ali m'manja mwawo. Vuto lonse ndi limenelo.

"Malume, si malungo, ndi fuluu. Dzulo ku kiliniki ndinali nanu ine, mwaiwala?"

"Chimfine? Chimfine chingagwetse mwamuna ngati ine? Iwe!"

Eish. Ndikuuzeni bwinobwino. Malume anafika mu Epulo kuchokera ku Balaka, ati akudutsa ulendo wa ku Joni, mpaka lero akadali pa sofa yathu ku Cowdray Park, kuno kudziko la eni. M'chikwama anabwera ndi LA mapaketi atatu, mankhwala a malungo aja. Kwa iwo thupi likangotentha, malungo. Mutu, malungo. Nde Lachiwiri anayamba kunjenjemera, kuphwanya m'thupi, pakhosi kuwawa, chifuwa chouma chija cha khoo khoo. Ameza LA wawo, palibe change. Ndinachita kuwakokera mu kombi, minibasi zakuno, mpaka ku kiliniki.

Nesi anawabaya chala kuyeza magazi, negative. Anati m'chilankhulo cha kuno, "Baba, ngumkhuhlane lo." Fuluwenza, kachilombo kamene Juni uno kagwetsa theka la laini yathu. Maantibayotiki ayi, sagwira vayirasi. Panado, madzi ambiri, kugona, potsokomola azitseka pakamwa ndi mkono osati chikhatho. Akayamba kubanika kapena kumva kubaya pachifuwa abwerenso msanga, mwina chasanduka chibayo. Nditangotchula kuti kunyumba kuli khanda, nesi anasiya kulemba. Sabata yathunthu asaliyandikire, ati mwana wotere ngakhale katemera wa fuluu sangalandire mpaka atakwana miyezi sikisi.

Malume m'menemo anali yebo sista, yebo sista. Kungotuluka pageti: "Timakina takuno sitiwadziwa malungo a ku Balaka."

Nde lero ndi awa, maso psuu, juzi ziwiri, thukuta kamukamu, akufuna mwana.

"Tamvera, Chiyamiko. Malungo sapatsirana, amafuna udzudzu. Wauona udzudzu muno?"

"Exactly malume! Kuzizira konseku udzudzu uli kuti? Nde malungowo mwawatenga kuti?"

"Ndinabwera nawo."

"Mu Epulo?"

"Amabisala."

Hayi bo. Ndinangoyang'ana kudenga.

Mayi anatulukira kuchokera kukhitchini akupukuta manja pa chitenje. "Chiyamiko, ulemu. Achimwene anga awa, si anzako a pa foni."

"Mayi, ulemu ndili nawo plenty. Koma nesi anati..."

"Angomunyamula pang'ono, kutchula dzina, basi. Azibale a Thabani achokera ku Emakhandeni konse kuja, akudikira pabalaza. Ufuna aziti Amalawi sadziwa mwambo wawo?"

Thabani nde bambo a mwana. Iye anali atathawa kale, ati akukasaka ma drink.

"Okay, tipange chonchi," ndinatero. "Malume avale masiki, aime panja pawindo, Vero awaonetse mwana, atchule dzina. Sharp."

"Ndimutche dzina mdzukulu wanga nditabisa kukamwa ngati wakuba? Pawindo? Ndine wogulitsa tomato ine?"

Asanamalize n'komwe, etsiii! Kuyetsemula kwake kogwedeza malata, m'chikhatho momwemo. Anapukutira pa buluku n'kutambasula manja omwewo. "Tabwera naye kuno."

Ndinayang'ana mayi. Madzi pampopi kulibe tsiku lachinayi, nyumba yonse tikusamba m'manja m'beseni limodzi, iwonso akudziwa. Anayang'ana manja a malume, kenako pansi. Koma kuwakaniza achimwene awo poyera, never, anangoyamba mozungulira.

"Achimwene, mwina mukanayamba mwasamba..."

"Nawenso? Mwapangana eti? Ndinakubereka kumsana iwe popita kudambo, lero ndasanduka matenda?"

Chitseko chinatseguka kumbuyo kwanga. Vero. Sisi wanga ameneyu sayankha munthu wamkulu, chibadwire sindinamumvepo. Mwana anamusiya pabedi, iye n'kutseka chitseko n'kuchitsamira.

"Malume, Loweruka linalo mudzamunyamula mpaka manja atope. Lero ayi."

"Loweruka ndili ku Joni ine."

"Nde mudzamunyamula pobwerera."

"Veronica, ukulankhula ndi ine?"

"Ndi inu, malume. Mwanayu ndamuvutikira maola eyitini. Sindikufuna ndikamuone ali ndi paipi m'mphuno chifukwa inu mwakana zimene magazi anu omwe anena."

Mayi anagwira pakamwa. Malume anatsokomola kotalika, atagwira khoma, mpaka ndinamva chisoni pang'ono. Pang'ono.

"Dzinali ndalisunga kuchokera tsiku lomwe ndinamva kuti uli woyembekezera," anatero mawu atasasa. "La mayi anga. Popanda mwana m'manja ndilipereka bwanji?"

"Litumizeni pa foni," anatero Vero.

Malume anatola chipewa chawo pa sofa, kudutsa pakati pa alendo osapatsa moni aliyense, n'kutuluka, chitseko phaa.