Chimbale cha Shadrick Pamaliro Ake

Pofika tsiku lachiwiri la maliro, nyumba yawo ya ku Edmonton, kutsidya kwa nyanja, inali itadzaza. Mipando anaitulutsa pabalaza kuti amayi akhale pansi, ndipo Effie, namfedwa, anali pakona atafunda chitenje kumutu. Mwamuna wake Shadrick, dalaivala wa basi, anagwa kuntchito osadzukanso.

Malemuwo anasiya chimbale chimene anajambula ndi mnzake wa ku Zambia, Mubanga. Munali gitala ya kantri, ng'oma za roko ndi kamvekedwe kofewa ka kuzilumba, ndipo nyimbo zonse zinkanena za mchenga, mafunde ndi munthu wogona padzuwa wopanda womudzutsa.

Nyimbo ya m'buku itatha, mwana wawo Atikonda analowa ndi kasipika m'manja. Mtsikanayo Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limeneli anayesetsa.

"Ndikufuna anthu amve adadi."

"Mwana iwe, pano si pabichi," anatero a Anderson, akulu ake a malemu, ataima pakhomo. "Pamaliro timaimba za Mulungu."

"Ba Anderson, ni nyimbo chabe," anatero Mubanga. "Mulibe voipa."

"Achimwene, gitala ndi yanu, maliro ndi athu. Mukufuna kumudzi amve kuti tinavina?"

Atikonda anatembenukira kukona kuja. "Mami?"

Effie ankaudziwa mwambo. Namfedwa sakweza mawu. Chimene akufuna amanong'oneza mayi wamkulu wokhala pambali pake, ndipo mayiyo ndiye amanena. Ankadziwanso kuti akavomera, nkhani ifika kumudzi dzuwa lisanalowe: mkazi uja waika nyimbo zachisangalalo mwamuna ali kumotchale. Koma chimwalirireni bambo ake, mwanayu sanalire pamaso pa munthu, sanadye, ndipo anangotsika m'chipinda chake chifukwa cha chimbalechi. Akabwezedwa, adzatsikanso?

Anaweramira kwa Mayi Chisenga, mayi wamkulu amene anali pambali pake.

"Auzeni kuti mwana aike imodzi yokha, motsitsa."

Mayi Chisenga anagwedeza mutu, nam'sisita pabondo ngati mwana wodwala. Kenaka anakweza mawu.

"Amayi ake akuti mwana adikire. Tidzamvera tikaika maliro."

"Mwamva inu," anatero a Anderson. "Alamu anga ndi munthu wolongosoka."

Effie anayang'ana Mayi Chisenga. Nkhope yawo inali yachifundo chenicheni, ya munthu amene wangokupulumutsa kumoto. Kuwatsutsa kukanakhala kuwatcha abodza pamaso pa mpingo wonse.

"Mami, mwanena choncho?" anafunsa Atikonda, tsopano m'Chingerezi.

Effie anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo mayi wina anayambitsa nyimbo, enanso n'kulandira, mawu ake n'kumira m'menemo.

Atikonda anadikira ndime yonse yoyamba. Kenaka anadutsa pakati pa miyendo ya amayi, mosamala kuti asaponde munthu, natuluka pakhomo la kumsewu wopanda jekete, panja pakuzizira koopsa.