Fuliwilo ya Mano Twente-thu

Maybin anali atagwada pansi pa mtengo wa mvunguti, akutsuka tcheni m'chitini cha palafini, pamene nsapato zakuda zopolisha zinaima pafupi ndi masipanala ake. Sanavutike n'kukweza maso. Dera lonselo munthu wa nsapato zotere anali mmodzi: Teddy, mlonda wa nyama amene boma latsopano linamutumiza kuchokera ku Fort Jameson ufulu utangobwera, ndipo miyezi isanu isanathe anali atakwatira Esnati.

Esnati ameneyu Maybin anamuyang'ana zaka zitatu akubweretsa njinga ya bambo ake, koma osamufunsira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amati tsobola wakale sawawa, koma amene ananena zimenezo sanaonepo Esnati akuyanika yunifolomu ya mwamuna wina.

"Mwaswera bwanji, a Maybin? Tcheni ikudumpha," anatero Teddy akugogoda chishalo cha njinga yake. "Muikemo yatsopano, na fuliwilo yomwe. Ndifuna ya mano sikisitini, monga za ku tauni. Ine ndikonda liwiro."

"Ulendo wa kuti?"

"Ku Msoro, pa Fraide. Amayi kunyumba masiku ayandikira. Akadikirire ku chipatala cha mishoni."

Maybin anapukuta manja nthawi yaitali, ngakhale anali atayera kale. Aliyense wobadwira kuchigwa amadziwa kuti fuliwilo, kagudumu ka mano kamene tcheni imakoka kumbuyo, ikakhala ya mano ochepa imathamanga pamsewu wouma, koma mumchenga imalemera ngati ukupalasa mtondo. Ya mano ambiri imachedwa, komabe imakutulutsa paliponse, ngakhale utanyamula munthu. Teddy zimenezi sankazidziwa, ndipo sanafunse.

Chapomwepo, panjira ya ku Msoro, panali pooloka mtsinje wa Lupande, umene mwezi wa Okutobala umangokhala mchenga wokhawokha. Maybin anamuona kale Teddy m'maganizo: watsika pakati pa mtsinje, nsapato zadzaza mchenga, akukankha njinga pamaso pa amayi otunga madzi m'zitsime. Mtima wake unakoma, tisabise.

"Mubwere mawa," anatero. Walira mvula walira matope.

Anamanga ya sikisitini ija, naimangitsa bwino, akuimba kamluzu kamene anali atakaiwala chikwatiwire Esnati.

Dzuwa litapendeka Esnatiyo anadutsa kuchokera kuchitsime, kandowa kakang'ono pamutu, dzanja lina atagwira msana. Ankayenda moponda pang'onopang'ono, mapazi atatupa mpaka akakolo osaoneka.

"Muikonze bwino, a Maybin," anatero ataima pamthunzi. "Ine kuyenda kwandikanika. Kuchoka apa kufika kunyumba ndipumula katatu."

"Ndakonza kale."

"Ndidziwa. Atate amati njinga yopita m'manja mwanu siutsitsa munthu panjira."

Anapitirira. Maybin anatsala akuyang'ana kafuliwilo kaja. Kutsogolo kwa Lupande kunali timitsinje tina titatu ta mchenga, ndipo pa kachiwiri njovu zimakumba madzi nyengo imeneyi. Teddy akatsika, sadzatsika yekha. Nsanje inamuuza kuti zimenezo n'za mwini mkazi, iye wapereka chimene anapemphedwa. Anavomereza. Anakhala pansi, anaimirira, anakhalanso. Anamutukwana Teddy chamumtima, pamodzi ndi nsapato zake ndi Fort Jameson yense.

Kenako anatembenuza njinga yakeyake. Fuliwilo ya mano twente-thu inalipo imodzi yokha, yomweyo, ndipo lole yobweretsa zitsulo inkafika mvula ikatha. Anaigogoda ndi nyundo mpaka inamasuka, naisamutsira pa njinga ya Teddy. Tcheni inaperewera, choncho anawonjezera mfundo ziwiri. Ntchito yonseyi anaigwira nkhope itakwinyika, kamluzu katathawa.

M'mawa Teddy anawerama, nawerenga mano ndi chala.

"Iyi ni ya madala onyamula thonje. Ndinati sikisitini."

"Mukatsika pa Lupande mubwerere, mudzanditukwane."

"Anthu adzandiseka, a Maybin. Miyendo kupalasa kwambiri, njinga osayenda."

"Akusekeni. Mwanyamula anthu awiri, simwanyamula mfuti."

Teddy anamuyang'ana, napukusa mutu, n'kukwera osathokoza.

Lachisanu, dzuwa lisanapse, Maybin anali kale pansi pa mvunguti, akunamizira kuwongola masipoko. Anabwera: Teddy kutsogolo, Esnati pa kaliyala atakhalira chitenje chopinda, kamtolo ka zovala pamiyendo. Ngakhale apo, theka la mtima wa Maybin linkapempherabe kuti munthuyu atsike. Ntchito inali yake, koma ankafuna ilephere.

Tayala lakutsogolo linalowa mumchenga, linagwedezeka, linawongoka. Miyendo ya Teddy inkazungulira mofewa, tcheni osalira n'komwe. Pakati penipeni, pamene ngakhale eni dera amatsika, Esnati anakulunga mkono m'chiuno mwa mwamuna wake, natsamiritsa tsaya pamsana pake. Anatulukira tsidya lina phazi lisanagunde pansi.

Amayi a pachitsime anaimika ndowa.

"Mwaona? Wa ku tauni uja waoloka osatsika."

"Na mkazi kumbuyo. Esnati anasankha mwamuna, miyendo ija ni yachitsulo."

Maybin anamva zonse. Anadikira kuti mwina Esnati acheuka, koma njinga inakwera mtunda n'kulowa m'mitengo ya tsanya.

Masana anamanga ya sikisitini ija pa njinga yake, poti ina panalibe, ndipo ananyamuka kukaona munda wake kutsidya. Atangolowa mumchenga mapedulo anauma gwa. Anatsika, nayamba kukankha, amayi aja akumuyang'ana.